Maboti a Alamu Anga a Haddou

Alamu anga a Haddou anafika zaka makumi asanu ndi ziwiri asanakwerepo boti, ndipo madzi opitirira m'mawondo anali asanawalowepo. Iwo anali mmisiri wa zitseko, monga analili bambo awo. Mukayenda m'mudzi mwathu mwa Tazrout lero n'kuona chitseko chakale chamkungudza, cha loko wamtengo ndi kiyi wamtengo wa mano ngati chipeso, dziwani kuti chinadutsa m'manja mwa banja limenelo. Msomali sankaufuna. Ankalumikiza matabwa ndi zikhomo zamtengo, ndipo polumikizirapo ngakhale nsonga ya singano sinkalowa.

Anakwatira alongo anga aakulu, a Touda, ine ndikanali pasukulu. Anali munthu wosalankhulalankhula, wamfupi, wamapewa otakata, ndipo ndevu zawo sizinkasowa utuchi. Ine Zaid ndinakula n'kukhala woyendetsa takisi pamsewu wa ku Errachidia, ndipo pakamwa panga sipatsekeka. Mwina n'chifukwa chake tinkagwirizana: ine ndikamalankhula, iwo ankapala thabwa.

Zinthu zinasintha pamene Assou, mwana wa m'mudzi momwemo, anabwerako ku Casablanca ndi makina owotcherera zitsulo. Chitseko chimene a Haddou ankachikhoma milungu itatu, iye ankachimaliza tsiku limodzi, n'kuchipaka penti wobiriwira wowala. Anthu anatengeka nazo. Pasanathe zaka zitatu, alamu anga anatsala ndi ntchito yokonza timipando tothyoka miyendo ndi mipini ya makasu. Sankadandaula, koma ankadzuka m'mawa n'kumanola zida zimene sizinagwire ntchito dzulo lake.

Lamulungu lina a Touda anandiitana. “Zaid, alamu akowa aumira m'nyumba muno ngati chikopa. Tatipititsa kudamu akapitidweko mphepo.”

Tinanyamula mikeka, makala, buledi, nkhuku ndi ketulo ya tiyi. Kudamu kunali monga kumakhalira Lamulungu lililonse: mabanja a m'tauni atadzaza pansi pa timitengo towerengeka tija, utsi wa nyama ukufuka, ng'oma zikulira, anyamata akusewera m'mphepete atakumbatira machubu a malole. Madziwo anali phee, obiriwira, pakati pa mapiri ofiira opanda ngakhale udzu. Anthu onse ankangowayang'ana. Panalibe woyenda pamwamba pake.

Masana kunafika mlendo wina wa kumpoto atamangirira kaboti padenga la galimoto. Anakatsitsa, anakwezamo mkazi wake, n'kuyamba kupalasa. Ng'oma zinaleka. Anthu anaimirira, ena nyama ili m'manja. Mlendo uja atabwerako, a Haddou anasiya tiyi wawo n'kupita. Anakazungulira kabotiko katatu, akukasisita, akukagogoda ndi chala, mpaka anagwada n'kusuzumira kunsi kwake.

Atabwerera pamkeka anati, “Alamu, kodi chimene chija si chitseko chopindika chabe?”

Ndinaseka mpaka tiyi kundilowa m'mphuno. A Touda sanaseke. Ankawadziwa amuna awo.

Chiboti chawo choyamba anachikhoma miyezi iwiri. Assou ankadutsa dala pakhomo tsiku lililonse. “Amalume, bokosi lamaliro lalikulu chonchi ndi la ndani? Kwafa ngamila kodi?” A Haddou ankangoyankha moni n'kupitiriza ntchito. Kunena zoona chinthucho chinali chokongola, chosalala ngati tebulo la abwanamkubwa, koma pansi pake panali pafulati ndipo m'mbali mwake munali mowongoka ngati chomwera ziweto.

Tinachimangirira padenga la takisi yanga Lamulungu lotsatira. Mbiri inali itawanda, ndiye theka la mudzi linatitsatira. A Haddou anapinda mkanjo wawo, anatchula dzina la Mulungu, n'kukweramo. Ndinawakankha. Chinayandama bwinobwino, anthu anawomba m'manja, amayi anayamba nthungululu. Koma atangosuntha pang'ono kuti atole chopalasira, chinthucho chinapendekeka, madzi analowera mbali imodzi, kenako chinagubuduka. Alamu anga anatuluka m'madzi ofika m'chiuno, nduwira itamasuka, matope ali kumaso konse.

Assou anagwa pansi ndi phwete. “Kaputeni! Kaputeni wamira m'beseni!”

Kuchokera tsiku limenelo dzina lawo linasanduka Kaputeni. Ku msika, ku mzikiti, ngakhale pamaliro, anthu ankachita sawasha akamadutsa. Inenso ndinkawaputa nalo, sindikana.

Patapita mlungu ndinawapeza atakhala pakhomo, a Touda akupeta balere pambali pawo.

“Bambo a Rqia,” a Touda anatero osadzutsa mutu, “safunsa anadya phula. Zitseko munaphunzira kwa bambo anu. Nanga boti mwaphunzira kwa yani? Kwa mbuzi?”

“Ndikafunse yani kuchipululu kuno?”

“Kodi msewu wa kunyanja anautseka? Zaid, iwe umadziwana ndi madalaivala onse. Usangokhala apa kumatha buledi wanga.”

Ndinali ndi mnzanga wa lole amene ankapititsa zipatso za kanjedza ku Essaouira, tauni ya m'mphepete mwa nyanja. A Haddou anakwera pamwamba pa mabokosi, atakumbatira thumba la zida zawo, ulendo wa masiku awiri. Zimene zinachitika kumeneko anatiuza okha atabwerako, pang'onopang'ono, monga mmene ankalankhulira zonse.

Akuti atafika padoko anapeza malo okhomera maboti a asodzi, koma mkulu wa amisiri kumeneko, nkhalamba ina dzina lake a Tayeb, anawathamangitsa. “Iwe wa kumchenga, nyanja waiona dzulo, lero ukufuna kukhoma boti? Pita ukawete ngamila.” Iwo sanachoke. Anakhala pamwala kunja kwa mpanda masiku atatu, akungoyang'ana. Ali pomwepo anaona kuti chitseko cha nyumba yosungira zida chinkakhuta pansi, ndipo aliyense pofuna kulowa ankachita kuchimenya ndi phewa. Tsiku lachinayi, amisiri atapita kukadya, anachizula, anachimasula chonse, n'kuchilumikizanso ndi zikhomo. Pobwera a Tayeb anachigunda ndi phewa mwachizolowezi, chinatseguka chokha, iwo n'kukagwera m'kati.

Atadzuka anatukwana kaye. Kenako anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa polumikizira paja nthawi yaitali.

“Wachita izi ndani?”

“Ndine, akulu.”

“Misomali ili kuti?”

“Sindinaione kufunika kwake.”

“Lowa. Koma uzingoyang'ana, usandifunse mafunso ngati wapolisi.”

Anakhalako masiku makumi anayi. Anaphunzira kuti boti limayambira pa msana, kenako nthiti, ndipo matabwa amabwera pomaliza. Anaona mmene thabwa louma limafewera likafukizidwa ndi nthunzi, mpaka kupindika ngati tsamba. Anaphunziranso kutseka mipata ndi chingwe chonyika m'phula. Pobwera anali ataonda, akununkha nsomba, koma maso awo akuwala.

Nthunzi anaipeza kukhitchini. Anatenga mphika waukulu wofukizira kusikusi, chakudya chathu cha tirigu cha Lachisanu lililonse, umene a Touda ankaubwereketsa pa maukwati, anaulumikiza ndi bokosi lalitali lamatabwa, n'kukoleza moto.

“Mphika wanga wasanduka wophikira mitengo!” a Touda ankakuwa. “Lachisanu lino mudya thabwa lomwelo!”

Koma pa nkhani ya phula anawalanda ntchito amuna awo. Mayi athu anali katswiri womata matumba achikopa osungira madzi ndi phula la mkungudza, ndipo a Touda anatengera. Anapota okha chingwe cha ubweya wa mbuzi, anachinyika, n'kumachikhomera m'mipata yonse ndi kampeni kobuntha, akung'ung'udza nyimbo. Boti litatha a Haddou anafuna kulembapo dzina la a Touda.

“Ayi ndithu. Likamira anthu azidzati Touda wamira. Lembanipo dzina la Zaid.”

Silinalembedwe dzina lililonse. Ulendo uno tinapita Lachiwiri m'mamawa, atatu basi. Boti linakhala pamadzi mowongoka. A Haddou anaimirira m'menemo, anasuntha uku, anasuntha uko, analumpha pang'ono. Linangogwedezeka n'kukhazikika. Anapalasa mozungulirazungulira poyamba, chifukwa dzanja lamanja linali lamphamvu kuposa linzake, koma dzuwa lisanakwere anali atafika pachilumba chaching'ono chimene pamagona abakha am'tchire, n'kubwerako. Pansi pa boti panali pouma. A Touda anapukuta maso ndi nsonga ya mpango n'kunena kuti ndi fumbi.

Akuluakulu oyang'anira damu anati sangalole kunyamula anthu popanda majekete oyandamitsa, komanso mwini boti ayenera kudziwa kusambira. Majekete tinawapeza m'tauni. Kusambirako ndiko kunali nkhani. Panalibe wowaphunzitsa koma ine, amene ndinkangodziwa kusambira kwa galu. Ndinkaimika takisi m'mphepete mwa madzi, kumanga chingwe kubampala, mbali inayo m'chiuno mwawo.

“Menyani miyendo, alamu! Mukumwa damu lonse, anthu a kumunsi athirira chiyani?”

“Khala chete, gwira chingwe!”

Anamwa madzi mwezi wathunthu. Tsiku loyesedwa, bambo wa zaka makumi asanu ndi zitatu anasambira kuchoka pagombe kukafika pamwala woyera n'kubwerera, mkulu wa damu akuyang'ana wotchi. Atatuluka m'madzi anavala mkanjo wawo n'kupempha tiyi.

Lamulungu loyamba anthu ankaopa. Woyamba kukwera anali mayi wina wokalamba wa m'tauni, amene anauza ana ake kuti, “Ndakhala ndikuwayang'ana madzi amenewa zaka makumi awiri. Ngati ndi imfa, indipeze ndili pamwamba pake.” Anapita, anabwerako akuimba, dzanja lili m'madzi. Kuyambira pamenepo mzere sunkatha. Akwati ankabwera kudzajambulitsa, asilikali a pa tchuthi ankapempha kupalasa okha, magulu a sukulu ankabwera pa mabasi. Chaka chisanathe alamu anga anakhoma boti lachiwiri, ndipo mwamuna wa mwana wawo Rqia ndiye ankapalasa. Dzina la Kaputeni linakhalabe, koma tsopano anthu ankalitchula osaseka.

Assou sanagone. Ataona khamu la anthu, anawotcherera migolo iwiriiwiri, anaikapo mipando, matcheni ndi zopondera za njinga, kutsogolo n'kuikako mutu wa bakha wachitsulo wamlomo wachikasu. Anapanga abakha anayi, n'kubwera ndi wailesi yaphokoso. Achinyamata onse anathamangira kumeneko.

Ine zinandipsetsa mtima. “Alamu, munthu ameneyu anakulandani zitseko, lero akufuna madzi omwe?”

“Damu ndi lalikulu,” anatero. Koma madzulo ake anapita kwa Assou. “Mwana wanga, abakha akowa ndi aatali ndiponso opepuka. Mphepo ya masana ikatsika m'chigwa muja idzawatenga ngati nkhuku yotambasula mapiko. Dzuwa likapendeka uziwaitanitsa kumtunda.”

Assou anatembenukira anyamata amene anali pomwepo. “Mwamva? Kaputeni wachita nsanje! Amalume, mtengo nthawi yake inatha.”

Zinachitika chaka chachitatu, kumayambiriro kwa nyengo yotentha. Ine ndinali nditabweretsa aphunzitsi aakazi atatu ochokera m'tauni. Assou, pofuna kudzionetsa, anawakweza awiri pa bakha wamkulu, iye n'kumapalasa yekha. Wachitatu anatsala kumtunda akusunga zikwama. Atapitirira chilumba cha abakha, a Haddou analeka kumwa tiyi n'kuyang'ana kuchigwa. Kumwamba kunali kutafiira.

“Itanani onse abwerere,” anauza mkamwini wawo.

Abakha atatu amene anali pafupi anabwerera. Wamkulu uja anayesa kukhota, koma mphepo inamupeza ali chopingasa. Tinaona Assou akupalasa mwamphamvu, kenako miyendo yake inangozungulira mwachangu pachabe. Tcheni chinali chitaduka. Fumbi linafika ngati khoma, mikeka inauluka, mapoto anagubuduzika, ndipo bakha uja anayamba kuthamangira pakati pa damu, kumene kutsidya kwake kuli matanthwe osongoka. Mphunzitsi wotsala uja anayamba kulira mokuwa.

Mkamwini anathamangira kuboti, koma a Haddou anamugwira paphewa. “Iwe uli ndi khanda kunyumba. Zaid, tenga poto uyo, kwera.”

“Ine? Alamu, ine ndi dalaivala wa pamtunda!”

“Kwera, uzikapa madzi. Pakamwapo ukhoza kumalankhula.”

Ndinakwera. Sindinkadziwa kuti damu lathu lingakhale ndi mafunde otero. Boti linkakwera, n'kutsika mwamphamvu, madzi akutimenya kumaso, mchenga ukulowa m'mano. Ndinkakapa ndi poto wa anthu osawadziwa, mafuta a nkhuku akuyandama m'miyendo mwanga, uku ndikupempha chikhululukiro cha machimo onse, ngakhale amene sindinachite. A Haddou ankatembenuka kuyang'ana kumene tikupita, n'kumiza nkhafi, n'kukoka, osafulumira ndiponso osapuma. Mitsempha ya m'khosi mwawo inali itatupa ngati zingwe. Nthiti za boti zinkalira, koma palibe thabwa limene linasuntha.

Tinawapeza atatsala pang'ono kufika pamatanthwe. Mgolo umodzi unali utayamba kumwa madzi ndipo bakhayo anali atapendekeka. Amayi awiri aja anali atakumbatirana. Assou nkhope inali itatuwa.

“Amayi, musaimirire,” a Haddou anatero ndi mawu omwe ankaitanira tiyi. “Mmodzimmodzi. Gwirani dzanja la alamu angawa, ngakhale ndi munthu wopanda pake.”

Mmodzi wa iwo anaseka uku akulira. Tinawakokera m'boti onse awiri. Assou anatsala atagwira khosi la bakha wake.

“Amalume, timumange chingwe, timukoke!”

“Sankha, mwana wanga. Ukwera iwe kapena bakha.”

Anakwera. Kubwerera kunali kosatheka chifukwa mphepo inali kumaso, choncho a Haddou analambalala matanthwe aja mpaka anapeza kagombe kamchenga kobisika. Titaponda pansi tinamva bakha uja akumenyetseka pamiyala ngati belu losweka. Abusa ena amene anali ndi hema chapafupi anatipatsa mkaka wa mbuzi ndi zofunda. Apo m'pamene ndinaona manja a alamu anga: zikhatho zonse zinali zitasupuka, magazi ali pa nkhafi. Mmodzi wa aphunzitsi aja anang'amba mpango wake n'kuwamanga. Iwo ankangodandaula kuti poto wa eni ake wapindika.

Mphepo inaleka dzuwa lisanalowe. Pobwerera Assou anapempha nkhafi. Ankapalasa mokhotakhota, a Haddou akumuwongolera: “Lamanzere, mwana wanga. Usamenye madzi, sanakulakwire.” Titayandikira tinaona kuti palibe amene anachoka. Anthu onse anali ataima m'mphepete, ndipo atawerenga mitu isanu, nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. A Touda, amene wina anakawatenga kumudzi, anali ataima m'madzi ofika m'mawondo ndi zovala zomwe. Anagwira boti n'kulikokera okha kumtunda. Anayang'ana manja a amuna awo, kenako anatembenukira kwa ine.

“Iwe, chimunthu chonsechi, sukanawalandirako?”

Assou sanapepese ndi pakamwa, si khalidwe lake. Patatha milungu iwiri anafika pakhomo pa a Haddou akukoka ngolo yachitsulo ya matayala awiri, yokwanira boti ndendende. “Madzi akamaphwa mumavutika kulinyamula,” anatero akuyang'ana kumbali. Alamu anga anaizungulira, anaigogoda, n'kunena kuti, “Wawotcherera bwino.” Anamwera limodzi tiyi. Kuyambira pamenepo anazika mlongoti pagombe. A Haddou akaona kuchigwa kwafiira amakweza nsalu yofiira, ndipo chilichonse choyandama, chamtengo kaya chachitsulo, chimabwerera kumtunda. Palibe amene amatsutsa.

Chaka chino akwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, sevente yathunthu. Kupalasa anasiyira achinyamata, koma kukhoma sanasiye. Pa damu lathu pali maboti awo asanu ndi limodzi, ndipo ena anayi anatengedwa pa malole kupita kumadamu a kutali. M'zaka ziwiri za chilala, pamene madzi anathawira kutali n'kusiya matope ong'aluka, alendo atasowa, iwo ankapitabe mlungu uliwonse kukathira madzi m'maboti kuti matabwa asaume n'kutseguka. Mvula itabwerera, onse anayandama tsiku lomwelo.

Mwezi watha ndinanyamula bambo wina wa ku Meknes ndi banja lake, munthu wophunzira, injiniya. Atakwera boti n'kubwerako anandifunsa kuti amenewa timawaitanitsa kudziko liti. Ndinati, “Bwana, kwerani galimoto ndikakuonetseni fakitale yake.”

Tinawapeza alamu anga pansi pa mthunzi wa masamba a kanjedza, akupala nthiti ya boti latsopano, magalasi ali pamphuno, pambali pawo thabwa likufukizidwa m'bokosi la nthunzi. Mlendo uja anayeza apa ndi apo ndi tepi yake, akupukusa mutu. Kenako anapempha mwaulemu kuti aone mapepala a pulani.

“Mapepala?” a Haddou anadabwa. Anagwada movutikira, anasalaza mchenga ndi chikhatho, n'kujambula ndi chala mzere umodzi wautali wopindika, kenako timizere tating'ono topingasa. “Ndi ameneyu.”

Injiniya uja anatulutsa foni n'kujambula mchengawo. Ine ndinali nditayamba kale kumufotokozera mbiri yonse, kuti akuluwa ndi alamu anga enieni, anakwatira m'nyumba mwathu, pamene a Haddou anandidula, atasolola thabwa lotentha m'bokosi muja.

“Zaid, mlendoyu wamva. Gwira uko, thabwali lizizira.”

Ndinagwira.